Kodi Thyolo N'kwa Yani?

Palibe boma lina m'Malawi muno limene alendo amalitama monga atamira Thyolo. Munthu akachoka ku Limbe, napitirira pa Bvumbwe, nayamba kuona minda ya tiyi itayalana m'zitunda ngati mphasa yobiriwira, mawu ake amakhala amodzimodzi: "Koma kuno ndiye kokongola!" Sanama ayi, kwathu n'kokongoladi. Koma ndaona kuti ambiri, ngakhale ife eni ake amene tili pa sukulu pano, tidziwa za tiyi yekha, osadziwa kanthu za anthu amene anamubzala ndi nthaka imene anabzalidwapo. Chifukwa chake ndapempha Akonzi kuti andipatseko malo, ndikambe za boma limeneli, mbiri yake ndi khalidwe la anthu ake, ndiponso chimene ine ndiganiza kuti tiyenera kuchita nalo.

Poyamba tione dziko lenilenilo. Thyolo, amene Azungu ankalemba kuti Cholo, achita malire ndi Blantyre ndi Chiradzulu kumpoto, Mulanje kum'mawa, Chikwawa ndi Nsanje kunsi kwa mapiri, ndipo mtsinje wa Ruo ndiwo utilekanitsa ndi Mozambique. Si dziko la maonekedwe amodzi ayi. Cha ku Goliati ndi ku Luchenza kuli chidikha, kumene munthu apalasa njinga mtunda wautali osatsika, ndipo anthu alima chimanga, nandolo ndi mbatata. Pa Bvumbwe pali madimba a kabichi ndi matimati, ndi makola a ng'ombe zamkaka. Pakati pa boma m'pamene pali tiyi, pa nthaka yofiira ya katondo. Kummwera, cha ku Masambanjati ndi ku Thekerani, kuli mapiri ndi zigwa zakuya, kotero kuti anthu amaseka kuti mlimi wa kumeneko alima ndi dzanja limodzi, lina atagwira chitsa. Nthawi yozizira kumabwera chiperoni, nkhungu ndi mvula yowaza imene inatenga dzina lake ku phiri la Chiperone ku Mozambique, ndipo ndiyo imene isunga tiyi wobiriwira pamene maboma ena awauka ndi dzuwa. Kukula kwa boma lonse ndi masikweya kilomita 1,715, koma kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 700,000. Amene muli akatswiri a masamu gawani nokha, mudzapeza kuti pa sikweya kilomita imodzi pali anthu oposa 400, ndipo m'kuwerenga kumeneku sitinachotsepo malo a tiyi, a bulugama ndi a makadamiya, pamene palibe mudzi. Nambala imeneyi muisunge, pakuti nkhani yonse ya Thyolo yagona pamenepo.

Tsono anthuwa anachokera kuti? Amang'anja ndiwo anali akalekale m'dziko lino. Pambuyo pake kunafika Angoni, ndipo mpaka lero Inkosi Bvumbwe ndi mfumu ya Chingoni. Koma khamu lalikulu linayamba kuwoloka Ruo kuchokera ku Mozambique m'zaka za m'ma 1890 ndi zotsatira zake. Amenewa ndiwo Alomwe ndi Akhokhola, amene ankathawa nkhanza za Apwitikizi, msonkho wowawa ndi njala. Tsoka lawo linali lakuti anafika mochedwa. Pakati pa 1892 ndi 1894 Bwanamkubwa Harry Johnston anali atapereka kale kwa Azungu zikalata zotchedwa Certificates of Claim, zotsimikiza kuti malo aakuluakulu amene anati anagula kwa mafumu ndi nsalu ndi mikanda ndi awo ndithu. M'zikalatamo munali mawu oti midzi yopezeka kale isasokonezedwe, koma mawuwo sanakhudze munthu wobwera pambuyo. Motero Mlomwe akafuna pomanga nyumba ndi polima, anayenera kupempha kwa Mzungu mwini malo, ndipo mtengo wake unali thangata.

Mawu akuti thangata anali mawu abwino pa chiyambi. Kuthangata ndi kuthandiza mnzako, monga pamene mudzi wonse ukalimira munthu mmodzi, iye nawaphikira mowa kapena thobwa. Eni minda anatenga mawu okomawa nawasandutsa goli. Munthu wokhala pa malo a Mzungu ankagwira ntchito mwezi umodzi wa lendi ndi mwezi wina wa msonkho, koma mwezi wake sunali wa pa kalendala, unali wa pa tikiti imene kapitawo ankachonga, ndipo ntchito ikapanda kumukondweretsa tsikulo silinalembedwe. Choncho miyezi iwiri inkasanduka inayi kapena isanu, ndiponso inali miyezi ya dzinja, pamene munda wa munthuyo unkafuna khasu. Wokana ankamugwetsera nyumba ndi kumuthamangitsa. Zowawa zotere ndizo zina mwa zimene zinautsa John Chilembwe ku Chiradzulu mu Januwale 1915.

Tiyi sanali mbewu yoyamba ya Azungu. Anayamba ndi khofi, amene analephera cha m'ma 1900, kenaka anayesa thonje ndi fodya. Mbewu ya tiyi inafika m'dziko lino kudzera ku mishoni ya Blantyre, ndipo Henry Brown anaibzala ku Mulanje mu 1891. Kuno ku Thyolo inayamba pa Bandanga mu 1908, chaka chomwecho chimene njanji yodzera pa Luchenza inafika ku Blantyre. Maclean Kay anatsegula Satemwa mu 1923, ndipo Mtaliyana Conforzi, amene anayamba ndi fodya, nayenso analowa m'tiyi. Pangano la 1933 limene linachepetsa tiyi wogulitsidwa ndi India, Ceylon ndi Java linakweza mitengo, ndipo kuyambira pamenepo minda ya kuno inakula msanga. M'mabuku mudzawerenga maina a Azunguwa, ndipo n'koyenera, pakuti anali anthu olimbikira ndi odziwa ntchito yawo. Koma simudzapezamo dzina la munthu mmodzi mwa zikwizikwi amene anagwetsa nkhalango ndi nkhwangwa, nazula zitsa, nakumba maenje, nasenza madengu. Iwo ndiwo agogo athu.

Agogo athuwo sanali anthu ongogonja ayi. Mu 1946 Boma la Atsamunda linatuma Sir Sidney Abrahams kudzafufuza za malo, ndipo iye analangiza kuti Boma ligule malo osalimidwa ndi kukhazikapo anthu. Ntchitoyo inayenda pang'onopang'ono, ndipo kampani ya British Central Africa, imene inali ndi malo ambiri kuno, inafuna kukweza lendi kuchoka pa mashileni 20 kufika pa mashileni 52 ndi mapeni 6. Mu Ogasiti 1953, chaka chimene anatikakamiza Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, moto unabuka pa munda wina wa malalanje kufupi ndi Luchenza. Eni munda anagwira anthu awiri amene anawaganizira kuba, ndipo mphekesera inawanda kuti anthuwo aphedwa. Khamu linasonkhana, anthu anagwetsa mitengo m'misewu, nadula mawaya a telefoni, nakana kupita ku ntchito. Pamene chipolowe chinatha m'chigawo cha kummwera, anthu 11 anali atafa. Malalanje okha sakanayatsa moto wotere, udzu unali utauma kale. Pambuyo pa zimenezi Boma linafulumira kugula malo, ndipo lamulo la 1962 linathetsa thangata, patatsala zaka ziwiri kuti tilandire ufulu. Koma minda ya tiyi inatsala m'manja mwa makampani monga inaliri, ndipo midzi inatsala m'mphepete mwake ndi m'mapiri.

Mbiri yotere inaumba munthu wa ku Thyolo kukhala monga aliri lero. Ndi munthu wolawira, pakuti tiyi sadikira wogona. Ndi munthu wodziwa kusamala kamunda kakang'ono, wobzala chimanga, nandolo, chinangwa, kalongonda ndi maungu pa mzere umodzi, chifukwa alibe malo oti atayepo. Ndi munthu wosasankha mtundu, pakuti Mlomwe, Mmang'anja, Mngoni ndi Myao anakumana pa sikelo imodzi nakwatirana, kotero kuti m'mudzi umodzi mumveka ng'oma ya tchopa lero, mawa ngoma ya Angoni. Ndi munthu woyenda, chifukwa mwambo wathu ndi wa chikamwini, munda ndi wa amayi ndipo ugawidwa kwa ana aakazi, ndiye mnyamata amakula akudziwa kuti ayenera kukadzifunira kwina. Kale ankapita ku Salisbury ndi ku migodi ya ku Joni, lero apita ku Limbe, ku Lilongwe ndi ku Johannesburg komweko. Ndiponso ndi munthu wokonda sukulu. Mishoni ya Malamulo, imene a Seventh-day Adventist anagula mu 1902 ndi kutumizako Thomas Branch, munthu wakuda wa ku America, yaphunzitsa aphunzitsi ndi achipatala kwa zaka zoposa 100, ndipo kuyambira 2014 tili ndi yunivesite ya sayansi pa Ndata. Amene ali ndi malo ochepa amadziwa kuti pensulo ndiyo khasu lake lachiwiri.

Pamenepa ndifuna kudzudzula khalidwe lina limene ndaliona m'zipinda zathu zogona. Alipo anzathu amene makolo awo atchola tiyi, koma akafunsidwa amati bambo ndi kalaliki, chifukwa aopa kusekedwa. Alipo enanso amene amaseka. Onsewa alakwa. Kutchola tiyi ndi luso: dzanja liyenera kusankha masamba awiri ndi nsonga, mofulumira, tsiku lonse, dengu lili kumsana, mvula ili pamutu, ndipo pafunika makilogalamu 4 kapena 5 a masamba aawisi kuti patuluke kilogalamu imodzi ya tiyi wouma. Ndalama zimene zalipira fizi ya ambiri a ife zatuluka m'dengu limenelo. Munthu wochita manyazi ndi dzanja limene limudyetsa sadzatha kulimenyera nkhondo akadzakula.

Tsopano tifike pa funso lenileni. Pa nkhani ya malo anthu agawikana pawiri. Ena akuti tiyi azulidwe, malo onse agawidwe kwa anthu, popeza anatengedwa mwachinyengo. Mawu amenewa amamveka kwambiri, ndipo m'zaka za 2016 ndi 2017 bungwe la People's Land Organisation linawakweza mpaka dziko lonse linamva. Kudandaula kwawo ndikumva, pakuti munthu amene alima theka la ekala pa phiri, akuona malo abwino tsidya lina la msewu, sungamuuze kuti akhale chete. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Koma kuzula tiyi sindivomereza. Kumbukirani nambala ija. Malo onse a maesiteti atagawidwa lero, banja lililonse likanalandira kachigawo kakang'ono, ndipo ana aakazi atatu akadzagawana kachigawoko tidzabwerera pomwe tili, koma tilibenso fakitale, tilibe malipiro a anthu zikwi zambiri, ndipo dziko lilibe ndalama zakunja zimene tiyi abweretsa. Chinanso, tiyi ndi mtengo wokhala zaka makumi ambiri ndipo mizu yake igwira nthaka pa malo otsetsereka pamene chimanga sichingaigwire. Yang'anani phiri la Thyolo. Kale linali nkhalango yowirira, kwawo kwa kambalame kotchedwa Thyolo alethe, kamene kapezeka m'mapiri owerengeka okha a Malawi ndi Mozambique. Lero mbali yaikulu ya nkhalangoyo inatha, yangotsala pang'ono cha ku Satemwa. Amene anaona mmene namondwe wa Freddy anagumulira mapiri ometedwa a chigawo chino mu Malichi 2023, ndi kupha anthu mazanamazana, adziwa mtengo wa phiri lopanda mitengo.

Gulu lina likuti zinthu zikhale monga ziliri, chifukwa makampani ali ndi zikalata, alipira msonkho, amanga masukulu ndi zipatala, ndipo alemba anthu ntchito. Zonsezi n'zoona, koma sizikwanira. Chikalata chimene chinayamba ndi nsalu ndi mikanda chikhoza kukhala cholimba m'khoti, koma sichitonthoza mtima wa mdzukulu wa munthu wa thangata. Ntchito yambiri ya m'tiyi ndi ya nyengo, ichuluka kuyambira Disembala mpaka Epulo, ndipo ikatha mvula ambiri abwerera kumudzi opanda kanthu. Boma lenilenilo linavomereza kuti vuto lilipo pamene linayendetsa ntchito ya Kudzigulira Malo kuyambira 2004 mpaka 2011, imene inakhazika mabanja oposa 15,000 pa malo atsopano, ena mwa iwo ochokera ku Thyolo ndi ku Mulanje napita ku Machinga ndi ku Mangochi. Inathandiza amene anapita, koma kusamutsa anthu kuli ngati kukapa madzi m'bwato lobooka. Otsala aberekana, ndipo malo adzazanso.

Nanga ine ndikuti chiyani? Ndikuti tiyi akhale, koma mwini dziko alowe mkati mwake, asangoima pa sikelo. Tsamba la tiyi likatcholedwa liyenera kufika ku fakitale tsiku lomwelo, kumene alifotetsa, alidula, alisiya kuti lifiire, aliumitsa ndi kulisefa. Chifukwa cha ichi mlimi wamng'ono sangasunge tiyi wake kudikira mtengo wabwino monga achitira ndi nandolo, ndipo amene ali ndi fakitale ndiye ali ndi mawu otsiriza. Ku Malawi alimi ang'onoang'ono anayamba kubzala tiyi mwadongosolo pansi pa Smallholder Tea Authority mu 1967, koma mpaka lero tiyi wawo sakwana gawo limodzi la magawo khumi, ndipo masamba awo agulitsa ku mafakitale a maesiteti. Ku Kenya anayamba pafupifupi nthawi yomweyo, mu 1964, koma kumeneko alimi ang'onoang'ono ndiwo alima tiyi woposa theka, ndipo mafakitale ambiri ndi awo. Kodi Mkenya ali ndi manja atatu? Iyayi. Kusiyana kwake n'kwakuti iye anapatsidwa mbande, misewu, ngongole ndi gawo m'fakitale. Chotero ndiganiza kuti malo a esiteti amene akhala zaka osagwiritsidwa ntchito Boma liwagule mwachilungamo ndi kuwapereka ku magulu a alimi a m'midzi yoyandikana, kuti abzalepo mitundu yatsopano ya tiyi yochokera ku malo ofufuzira a ku Mimosa, ndipo magulu amenewa akhale ndi masheya m'mafakitale amene agaya masamba awo. Kampani yanzeru siyenera kuopa zimenezi, pakuti munthu saba kapena kutentha munda umene nayenso adyapo.

Kachiwiri, tisaike mtima wonse pa tiyi. Makolo athu amatiuza za nthawi imene malole odzaza nthochi ankachoka ku Thekerani ndi ku Masambanjati kupita ku Limbe ndi ku Lilongwe, ndipo nthochi ndizo zinkalipira fizi ndi kufolera nyumba ndi malata. Matenda a chisaka, amene afalitsidwa ndi nsabwe za m'nthochi ndi mbewu yodwala, anapululutsa minda imeneyo, mpaka tinafika pogula nthochi za ku Tanzania ndi ku Mozambique. Mankhwala ake ndi amodzi okha, kuzula phata lonse lodwala ndi kubzala mbewu yopanda matenda, ndipo mudzi wonse uyenera kuchitira pamodzi, chifukwa munthu mmodzi akakana kuzula, matenda abwereranso kwa onse. Mutu umodzi susenza denga. Ife amene tiphunzira za ulimi m'kalasi ndife oyenera kukafotokoza zimenezi kwa agogo athu pa tchuthi, mwaulemu ndi moleza mtima, pakuti si chapafupi kuuza munthu wamkulu kuti azule nthochi imene anabzala ndi manja ake.

Kachitatu, ndipo ichi ndicho chachikulu, funso la Thyolo lidikira ife. Ambiri a ife tilota zokakhala m'tauni, ndipo si tchimo. Koma boma limene ana ake ophunzira onse alithawa lidzakhala lolamulidwa ndi ena mpaka kalekale. Gulu la alimi lifuna wowerengera ndalama wokhulupirika. Fakitale ifuna injiniya ndi wolawa tiyi. Mudzi umene uli pa mlandu wa malire ufuna woyeza malo ndi loya amene adziwa chimene Certificate of Claim inali. Phiri lifuna wa zankhalango. Ntchito zonsezi zifuna masamu, sayansi ndi mbiri zimene tijomba nazo m'kalasi masana kukatentha. Agogo athu anamenya nkhondo yawo ndi nkhwangwa ndi mitengo yogwetsa m'misewu, chifukwa ndizo zida zimene anali nazo. Ife tapatsidwa zida zina, ndipo tikapanda kuzinola tidzakhala ndi mlandu woposa wa Johnston.

Kodi Thyolo n'kwa yani tsono? Pa pepala, mbali yaikulu ya nthaka yabwino ndi ya makampani. Pa thukuta, ndi kwa anthu amene akhala akutchola masamba kwa mibadwo inayi. Ntchito ya mbadwo wathu ndi kuyanjanitsa pepala ndi thukuta popanda kutentha munda ndiponso popanda kukhala chete. Anzanga a m'maboma ena, mukadzapita kwanu pa tchuthi mudzafunseko akuluakulu mbiri ya nthaka yanu, ndipo amene atsutsana ndi maganizo angawa alembere Akonzi, kuti tidzamve mbali yawo m'magazini otsatira.

Wophunzira wa Fomu 4